Kodi Chipatala Chimachiza Munthu Kapena Ntchito Yake?

Anzanga, sabata ino tiyeni ku Thyolo, koma tidzere kunkhondo. Pakati pa 1914 ndi 1918, amuna ambiri a Nyasaland anagwidwa kukakhala amtengatenga. Wodwala kamwazi kapena chibayo akafika kuchipatala cha asilikali, ankamuchiza kuti akasenzenso katundu. Lero wothyola tiyi akadwala, kiliniki ya paesiteti imamupatsa mankhwala, mawa dengu kumsana. Si zoipa ayi. Koma nanga mphamvu zikamuthera?

Ku Malamulo, ku Makwasa komweko, m'zaka za m'ma 1920 ankasamalira akhate, ena zala zitatha, osathyolanso ngakhale tsamba limodzi. Chifundo chimaonekera pamenepo, pa munthu amene sangakubwezereni kanthu. Nanga inu, agogo anu aja anatula dengu, akuwasamalira ndani?