Matepi Amene Ali M'masutikesi a ku Kabwata

Ana anga a ku Kabwata, inu amene zala zanu zinazolowera kompyuta ndi foni, ndili ndi ntchito yoti ndikupatseni, ndipo ndi yamsangamsanga. Ndimakumvani mukuyamikira masewero akale a pa TV, aja a zombo zouluka pakati pa nyenyezi, kuti masiku ano akuoneka owala kuposa momwe ife tinkawaonera. Simukunama. Koma ndikufuna mudziwe chimene chinachitika kuti akufikeni ali owala chotero, chifukwa mukachidziwa mudzayamba kuipatsa ulemu sutikesi ya agogo anu ija ili kunsi kwa bedi.

Tengani Star Trek: The Next Generation, sewero la ku America lomwe linaulutsidwa kuyambira 1987 mpaka 1994. Ochita sewerolo ankawajambula pa filimu ya mamilimita 35, yomwe imagwira chithunzi chakuthwa kwambiri. Koma polumikiza zigawo zake akatswiri ankasamutsira zonse pa tepi ya vidiyo, popeza inali njira yachangu ndiponso yotchipa. Pa ma TV achimimba a nthawi imeneyo tepiyo inali yokwana. Atabwera ma TV akuluakulu athyathyathyawa, chithunzi chija chinaoneka chachimbuuzi, ndipo panalibe batani loti munthu adine kuti chiyere. Kampani ya CBS inachita kutuma anthu kunkhokwe kukatulutsa zitini zikwizikwi za filimu yoyambirira. Anafufuza kachidutswa kalikonse kamene kanalowa m'sewero, kukawerenga ndi makina atsopano, n'kulumikizanso sewero lonse kuchokera pachiyambi, motsata ndendende momwe anzawo analumikizira kale. Ntchitoyo inatuluka pa Blu-ray kuyambira 2012 mpaka 2014. Inadya ndalama zochuluka, moti masewero anzake awiri, Deep Space Nine ndi Voyager, sanawachitire zomwezo. Koma ngakhale ndalamazo zikanachuluka bwanji, sizikanagula kanthu pakanapanda munthu wina amene anaika zitini zija pamalo ouma, nalemba pamwamba pake zomwe zili m'kati.

Ku Britain nkhani inayenda mwina. Sewero la Doctor Who linayamba pa BBC pa 23 November 1963. Masiku amenewo tepi ya vidiyo inali yodula, ndipo palibe ankaganiza kuti munthu adzafuna kuonera kunyumba kwake sewero lomwe linaulutsidwa kale. Choncho ankafufuta matepi n'kujambulapo zina, ndipo mchitidwewu unapitirira mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mwa zigawo 253 za zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira, zoposa 90 zikusowabe. Zambiri mwa zimene zinapulumuka ndi makope a filimu ya mamilimita 16 amene ankagulitsidwa kumaiko akunja, ndipo Zambia inali limodzi mwa maiko ogulawo. Kope limodzi linkayenda dziko ndi dziko, uyu akatha kuonetsa n'kutumiza kwa mnzake. Mu 2013 munthu wofufuza mafilimu otayika, Philip Morris, anabweza zigawo zisanu ndi zinayi zimene anazipeza m'chipinda cha nyumba youlutsira TV mumzinda wa Jos ku Nigeria. Zinakhala pashelefu zaka makumi, ndipo Angerezi eni ake anazilandira ndi chimwemwe chachikulu kuchokera ku Africa.

Pali chinanso m'nkhaniyi chimene chimandigwira mtima kwambiri, chifukwa chikukhudza anthu a msinkhu wanu. Mawu a zigawo zonse zotayikazo alipo. Anawasunga ndani? Oonera wamba, ambiri a iwo achinyamata, amene ankaika makina ojambulira mawu pafupi ndi TV ya makolo awo, n'kuuza a m'nyumba kuti akhale chete. Lero BBC imatenga mawu amenewo n'kuwajambulira zithunzi zamakatuni kuti sewero lionekenso. Chimene bungwe lalikulu linataya chinapulumukira m'manja mwa ana amene ankachikonda.

Tsono tibwere kwathu. TV m'dziko lino inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo ife amene tinakulira m'makomboni a Lusaka tinaidziwira pa nyumba ya aneba, titakhala pansi mwakachetechete, ena atasuzumira pawindo. Tinaonera za kunja, komanso tinaonera zathu: Play Circle, ndipo pambuyo pake Kabanana, amene ankakhalitsa anthu pakhomo madzulo. Pawailesi tinali ndi Julius Chongo ndi Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi wotulutsa mawu a mudzi wathunthu. Ndikufunsani: ndani wa inu anamumvapo? Nthano zake zina zikuwerengedwa lero chifukwa Ernst Wendland, mphunzitsi wa pa seminale ya Lutheran ku Chelstone, anazimvetsera pa matepi, nazilemba, n'kuzisindikiza m'buku. Anachita bwino, ndipo tiyenera kumuthokoza. Koma luso la Chongo linali m'khosi mwake, m'mene ankasinthira mawu kuchoka pa nkhalamba kupita pa mwana, ndipo pepala silingasenze zimenezo. Mdzukulu wa Mnyanja ayenera kumumva ndi khutu.

Mukayang'ana nyimbo mudzaona bwino chimene chimachitika zinthu zikasungidwa ndi pamene zatayika. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawailesi zikhale za m'dziko muno. Magulu anaphuka: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family ya Paul Ngozi. Mbale zawo zinkadindidwa ku Ndola, ku kampani ya Teal. Kenaka mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinatha, Edzi inatenga oimba ambiri, ndipo mbale zija anthu anayamba kuziona ngati zinyalala. Jagari Chanda, amene ankagwedeza maholo ndi WITCH, anakathera kokumba miyala yamtengo. Patapita zaka zoposa 30 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzifunafuna. Inatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, ndi za WITCH mu 2012. Kumene matepi oyambirira anapezeka, ntchito inali yopepuka ndipo mawu anatuluka oyera. Kumene sanapezeke, akatswiri anachita kusaka mbale yakale yosakandika kwambiri n'kuichotsa phokoso pang'onopang'ono. Chifukwa cha zimenezi Jagari anabwerera pansanja, akuimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Ndimakondwera nazo kwambiri. Komabe mumtima mwanga mumatsala funso lowawa: bwanji ozipulumutsa anachita kuchokera kutsidya kwa nyanja, pamene mbale zomwezo zinali m'makabati a ku Kabwata, ku Libala ndi ku Chilenje?

Ndipo musaganize kuti nkhani za nyenyezi ndi za azungu okha. Edward Makuka Nkoloso, mphunzitsi, msilikali wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso womenyera ufulu, mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kufupi ndi Lusaka kuti adzapite kumwezi ndi ku Mars. Ankawagubuduza mumgolo kutsetsereka phiri kuti azolowere kuzunguzika, ndipo mmodzi mwa iwo anali mtsikana, Matha Mwamba. Dziko linamuseka. Mphindi zochepa za filimu yake zimene mumaziona pa YouTube zinajambulidwa ndi atolankhani a ku Britain. Kamera inali yawo, mafunso anali awo, ndipo anasankha okha choti asunge. Ngakhale zili choncho, onani zimene zaphuka pa nkhani yake: filimu ya Afronauts ya Nuotama Bodomo mu 2014, ndi buku la mwana wathu Namwali Serpell, The Old Drift, la 2019, lomwe linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Nkoloso anamwalira mu 1989. Pakanakhala mnyamata mmodzi wa kuno amene anakhala naye pansi ndi kaseti masana amodzi, namufunsa mwaulemu chimene ankatanthauza, bwenzi lero tikumumva iye mwini m'malo momangoganizira.

Ntchito yanu tsono ndi iyi. M'nyumba zambiri muno muli matepi a VHS a maukwati, a maliro, a tsiku lomaliza maphunziro ku UNZA, ndi ena amene bambo anu anajambulapo za pa TV usiku wina. Muli makaseti a makwaya a mpingo, ndi mbale za galamafoni zimene amayi anu akuti zikungodya malo. Zinthu zimenezi zikufa. Tepi ndi kansalu ka pulasitiki kopakidwa fumbi la maginito, ndipo kutentha kwa October pansi pa malata, kutsatana ndi chinyezi cha dzinja, kumakamata ndi kukameretsa nkhungu. Mukaona zoyera ngati ufa pawindo la tepi, musaiike m'makina, chifukwa mudzaononga tepiyo ndi mutu wa makina womwe. Iyenera kuyamba yatsukidwa ndi wodziwa. Mukatsegula chitini cha filimu n'kumva fungo la viniga, dziwani kuti yayamba kuwola, ndipo muipatule kwa zinzake. Makina nawonso akutha. Kampani yotsiriza kupanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Amene atsala ndi omwe ali m'nyumba zathu ndi m'mashopu a akulu okonza mawailesi m'misika. Akuluwo muwafunefune, mukhale pambali pawo, muphunzire kusintha lamba ndi kupukuta mutu wa makina, chifukwa luso limenelo likupita nawo.

Mukasamutsira tepi mu kompyuta, musaitaye. Apa ndipo ambiri amalakwa. Tepi yoyambirira ndi chimanga cha mbewu: sitikazinga mbewu chifukwa choti nkhokwe yadzaza chaka chino. Makina a zaka khumi zikubwerazi adzatha kutulutsa pa tepi yomweyo zimene anu a lero akulephera, monga zinachitikira ndi zitini za Star Trek. Fayilo imene mwatulutsa muisunge yaikulu momwe yatulukira, ndipo yaing'ono ikhale yotumizira abale basi. WhatsApp ndi Facebook zimafinya kanema kuti achepe, ndipo chimene chafinyika sichibwerera. Foni imabedwa pa minibasi, fulashi imafa osatsanzika. Sungani makope atatu, limodzi likhale kunyumba ina, kaya kwa azakhali ku Chelstone kaya kwa amalume ku Chipata.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa apa ndi pamene luso lanu lingakupusitseni. Kuli mapulogalamu a AI amene amati amayeretsa chithunzi chakale. Amene ndawaonawo sayeretsa kokha. Kumene chithunzi sichikuoneka amapeka okha. Amasalaza makwinya, amawongola mano, amayeretsa khungu, mpaka agogo anu atuluke ndi nkhope ya munthu amene sanakhaleko. Zimandipweteka ndikaona mwana akunyadira chithunzi chotero n'kufufuta chenicheni. Chotsani fumbi, konzani mawu olira, bwezeretsani mtundu umene wafwifwa, koma musaikemo chimene kamera sinaone. Kanema wakale anali wofanana pang'ono mulitali ndi mulifupi. Musamutambasule kuti adzaze TV yanu, ndipo musamudule mitu ndi mapazi. Mizere yakuda ya m'mbali isakuchititseni manyazi. Kuti mumvetse chifukwa chake, mukadutsa pa Burma Road yang'anani nyumba zozungulira za pa Kabwata Cultural Village. Boma la atsamunda linamanga nyumba zotero zambirimbiri m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, zoti amuna ogwira ntchito m'tauni azikhalamo opanda mabanja awo. Zambiri zinagwetsedwa pomanga mafulati, koma mu 1974 anasiyako 43. Phindu lake ndi loti zikuonetsa kuchepa kwa malo amene agogo anu anapatsidwa. Akanazikuza n'kuziika matailosi, bwenzi zikunena bodza.

Za ndalama ndinenepo mwachidule. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo akamwalira pali mkazi wamasiye ndi ana. Mukapeza tepi ya woimba kapena ya gulu la zisudzo, musathamangire kuiika pa intaneti kuti mutchuke nayo. Pezani banja, mugwirizane, mulemberane, ndipo pa nyimbo mufunse a ZAMCOPS, bungwe loona za umwini wa nyimbo. Chimene chili cha dziko lonse mukadziwitse a National Archives of Zambia pa Government Road. Zakale za pa TV ndi pawailesi mukazifunse mwaulemu ku ZNBC pa Alick Nkhata Road, ndipo mudzipereke kuthandiza. Inunso amene mukujambula zanu lero, amene mwalimbikitsidwa ndi Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, sewero la pa Netflix la 2023 la atsikana anayi a mu Lusaka wam'tsogolo, sungani mafayilo anu oyambirira ndi mapangano anu olembedwa. Kampani yoonetsa pa intaneti ikhoza kuchotsa sewero tsiku lililonse ikafuna.

Chinthu chimodzi kompyuta singakuchitireni, ndicho kutchula maina. Kanema wa ukwati wa 1992 wopanda maina adzakhala gulu la alendo akuvina. Mukamaliza kusamutsa, nyamulani kompyutayo mupite nayo kwa agogo kapena azakhali amene analipo tsikulo. Gwadani, perekani moni, muwaonetse pang'onopang'ono, mukuimika paliponse pamene aloza chala. Lembani: uyu ndani, mwana wa yani, kwawo kuti, holoyi ndi iti, nyimboyi ankaimba ndani. Foni yanu ikhale ikujambula mawu awo pamene akufotokoza, chifukwa adzakuuzani zambiri zimene simunafunse. Yambani ndi amene ali wamkulu kwambiri pabanja panu, ndipo mupite Loweruka lomwe lino.