Mtsutso: Magulu Oyimba Opangidwa ndi Makampani, Monga a ku Japan, Ndiwo Angatukule Luso la Achinyamata Athu

Wapampando: Mutu mwaumva. Ayambe mnyamata wa mbali yovomereza.

Wovomereza: Zikomo a Wapampando, oweruza ndi anzanga nonse. Mutu umodzi susenza denga. Mu 2005 Yasushi Akimoto anasonkhanitsa atsikana ku Akihabara, mumzinda wa Tokyo, n'kupanga gulu la AKB48. Kampani inawapatsa malo awoawo oyimbirapo, aphunzitsi a kuvina ndi zovala, ndipo nyimbo zawo zinagulidwa m'mamiliyoni. Nanga kwathu kuno? Gulu la WITCH linagwedeza Zambia m'zaka za m'ma 1970, koma chuma chitasokonekera woyimba wawo Jagari Chanda anakathera kokumba miyala ya mtengo wapatali. Luso lopanda woliyang'anira limafa ndi njala.

Wotsutsa: A Wapampando, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzangayu watchula AKB48, koma wabisa za Minami Minegishi wa gulu lomwelo. Mu 2013 mtsikanayu, ali ndi zaka 20, anameta mpala n'kupepesa akulira pa YouTube. Anaba? Ayi. Anapha? Ayi. Anajambulidwa akutuluka m'nyumba ya chibwenzi chake, pomwe gulu linkaletsa zibwenzi. Chitukuko chake n'chimenechi?

Wovomereza: Lamulo ndi lamulo, mlongo wanga. Ngakhale pa Kafue pano boma limatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane. Asodzi amapachika maukonde, akudziwa kuti phindu lili m'tsogolo.

Wotsutsa: Mwamumva nokha, oweruza! Kwa iyeyu atsikana ndi nsomba! Ndiye tiuzeni achimwene, mwini ukonde ndani? Nsomba amazitsekera kuti ziswane, koma mtsikanayu amamutsekera kuti aliyense wogula CD aziganiza kuti ndi wake. M'ma CD a AKB48 ankaikamo tikiti yokagwirana chanza ndi woyimba, kapena yovotera amene ukumukonda, moti munthu mmodzi ankagula ambirimbiri a nyimbo imodzimodzi. Pamenepo chikugulitsidwa ndi nyimbo kapena mwana wa eni?

Wovomereza: Usandipotozere mawu! Ndipo iwe ukulalikira apa, foni yako yadzaza ndi nyimbo za Yoasobi. Tonse timakumva ukuziyimba popita kudoko, chinenero chake osachidziwa n'komwe!

Wapampando: Bata! Za mafoni zisiyeni, bwererani pamutu.

Wotsutsa: Ndimazimvera, inde, pakuti khutu lilibe mpanda. Sindikudana ndi nyimbo za ku Japan, ndikudana ndi goli. Johnny Kitagawa, amene anapanga magulu otchuka a anyamata monga SMAP ndi Arashi, anamwalira mu 2019 akulemekezedwa. Mu 2023 kampani yake yomwe inavomera kuti ankagwiririra anyamata amene ankawaphunzitsa. Zaka zonsezo anawo akanadandaula kwa yani, poti tsogolo lawo linali m'manja mwa munthu yemweyo? Achimwene, mng'ono wanu mungamupereke kumeneko?

Wovomereza: Kulakwa kwa munthu mmodzi sikungaipitse makampani onse. Tingotengako zabwinozo.

Wotsutsa: Zabwinozo tili nazo kale. Gulu la Amayenge lakhala likuyimba ndi kuvina kuchokera m'ma 1970 mpaka lero. Jagari amene mwamusekayo anatulutsa chimbale cha Zango ndi WITCH mu 2023, ndipo wayimba ku Ulaya ndi ku America ali ndi imvi, pomwe atsikana ambiri a AKB48 amachoka pagulu asanafike zaka 30. Makolo ndi aphunzitsi, ana athu afunika magitala, malo ophunzirira kuyimba ndi mgwirizano wolembedwa womwe kholo lawerenga lisanasayine. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Oweruza, ukaneni mutuwu.

Wapampando: Oweruza agwirizana: mbali yotsutsa yapambana.