Khutba ya Ijuma: Ufulu Wosankha ndi Zoipa za Padziko

Tikutamanda Allah, Mwini chilungamo, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, achinyamata athu akutifunsa kuti: ngati Allah ali ndi mphamvu zonse, bwanji amalekerera zoipa? Funsoli ndi lakale. Mu Surat Al-Baqarah, ndime 30, angelo anafunsa za munthu amene adzawononga ndi kukhetsa mwazi padziko, ndipo Allah anawauza kuti akudziwa zimene iwo sadziwa.

Timakhulupirira Qadar. Palibe chochitika chimene Allah sanachidziwe ndi kuchilemba. Koma kudziwa Kwake sikukakamiza dzanja la munthu. Surat Al-Insan imatiphunzitsa kuti munthu anasonyezedwa njira, ndipo kuthokoza kapena kukana kuli kwa iye. Pakanapanda kusankha, sipakanakhala mayeso, malipiro kapena Tsiku la Chiweruzo. Dzanja likanamangidwa kuti lisaphe, likanakhalanso lomangika popereka sadaka.

Tikumbukire Wiriyamu, kuno ku Tete. Pa 16 Disembala 1972, asilikali a boma la atsamunda la Portugal, boma lodzitcha lachikhristu, anapha anthu mazanamazana, amayi ndi ana omwe. Nanga anaulula ndani? Ansembe a Katolika otumikira ku Tete ndiwo anasonkhanitsa umboni, ndipo Bambo Adrian Hastings anaufalitsa mu nyuzipepala ya The Times ku London mu 1973. Wowombera ndi woulula onse anali obatizidwa, koma aliyense anasankha njira yake.

Tisanaloze ena chala, tiyang'ane m'nyumba mwathu. Kuyambira mu 2017 ku Mocímboa da Praia, anthu otchula dzina la Allah akhala akupha Asilamu ndi Akhristu ku Cabo Delgado. Ife timakana kuti Chisilamu chiweruzidwe ndi zochita zawo. Choncho muyeso umene timaufuna kwa ena, nafenso tiyezere womwewo. Mwambi woti ikaola imodzi zaola zonse ndi wa nsomba. Pa anthu, Surat Fatir, ndime 18, imaphunzitsa kuti aliyense adzasenza mtolo wake yekha.

Allah kuchedwetsa chilango si kuvomereza tchimo. Amapereka nthawi kuti wolakwa alape, ndipo amene afa asanalape adzakumana ndi amene anawapondereza pa Tsiku limene chiphuphu sichidzagwira ntchito.

Tsono potuluka mumzikiti muno, funso likhale pa ife eni: bwanji timalekerera zoipa zimene tingathe kuziletsa? Mwana wamasiye wolandidwa munda, sikelo yobera pamsika, mnansi wachikhristu wonyozedwa ife tili chete, zonsezi tidzafunsidwa.

E Allah, tikhululukireni, limbitsani mitima yathu pa chilungamo, ndipo bweretsani mtendere m'dziko lathu la Mozambique. Amin.