Mpanda wolowa m'madzi

Ku Chelstone, kuno ku Lusaka, kulibe nyanja. Madzi ambiri amene timaona kuno ndi a m'ngalande za Great East Road mvula ikagwa, atasenza majumbo ndi mabotolo. Komatu ndife ife amene timadyetsa malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Pa Isitala kapena pa tchuthi chachitali cha mu Julaye, magalimoto amatsetserekera ku Siavonga, ena ku Samfya, ndipo ife amene mchombo wathu unagwera kum'mawa timadutsa Chipata, Mwami ndi Mchinji mpaka kukafika ku Salima. Ndalama zathu ndi zimene zimagula waya wa mipanda ya kumeneko, choncho nkhani ya gombe ikutikhudza ngakhale tili kumtunda.

Tsiku lina m'mawa ku Senga Bay ndinali pakhonde la loji ina, kapu ya tiyi ili m'manja. Mayi wina anatulukira chakumpoto atasenza beseni la mbale, mwana ali kumbuyo. Mlonda anamuthamangira.

"Amayi, kuno ayi. Zungulirani uko."

"Achimwene, ine ndinabadwira pompano. Dooko lathu linali patsinde pa mtengo uwo."

"Ndikudziwa, mayi, koma ndili pantchito. Abwana akaona, ine ndiye zanga zada."

Mayiyo anabwerera osanenanso kanthu. Apo ndi pamene ndinauyang'anitsitsa mpandawo. Sunathere pamchenga. Mizati yake inapitirira mpaka m'madzi ofika m'chiuno, kuti ngakhale wofuna kudutsa m'mphepete alephere. Ine ndinamaliza tiyi wanga mwakachetechete, ndipo ndinali nditalipira kale kuti ndisasokonezedwe ndi anthu ngati mayi ameneyo.

Chimene mwini loji amagulitsa n'chiyani kwenikweni? Bedi ndi nsima ya chambo zimapezeka ngakhale ku Kabwata. Munthu sayenda ulendo wa tsiku lathunthu chifukwa cha bedi. Amapitira mchenga woyera, madzi ooneka pansi, dzuwa lotuluka kuseri kwa zilumba ndi nyali za asodzi a usipa usiku. Zonsezi mwini loji anazipeza. Zina anazipeza zili bwino chifukwa anthu a pamudzipo anazisunga mibadwo yambiri iye asanabwere ndi pepala la lizi. Pepalalo limamupatsa malo omangapo, koma silingamupatse nyanja. Ndiye ndimadabwa ndikamva udindo wa mabizinesi amenewa ukukambidwa ngati chifundo: apenta sukulu, agawa mipira, ajambulitsa pa Facebook. Kupenta sukulu n'kwabwino ndithu. Koma munthu amene watseka njira ya kudooko n'kupereka mpira ali ngati wakuba mbuzi amene wakubwezera chingwe.

Ku Siavonga nkhaniyi ili ndi chilonda chakale. Damu la Kariba litamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa m'midzi yawo. Nyanja imene timakajambulirapo zithunzi inamiza minda ndi manda a anthu. Kuuza mdzukulu wa anthu amenewo kuti gombe ndi la alendo okha n'kumusamutsa kachiwiri.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zambiri. Kuno tinkakhala mumdima maola ochuluka chifukwa madzi a Kariba anali atatsika kwambiri ndi chilala. Nthawi yomweyo nyanja ya Malawi inali itasefukira, kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota madzi analowa m'zipinda za alendo, mabala ena n'kusanduka mosambira nsomba. Eni malo ambiri analoza chala ku Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, n'kumati zitseko zitsegulidwe kuti madzi atsike. Koma madzi otuluka pamenepo sasowera m'malere. Amatsika ndi Shire, kudutsa Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene kumapangidwa magetsi, n'kukafika kwa alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amene kusefukira kwa madzi kunawatopetsa kale. Bungwe la National Water Resources Authority linakumbutsa kuti pali mzere wa mamita 477 umene munthu sayenera kumanga kunsi kwake. Nyanja inafikapo chakumeneko cha m'ma 1980. Akuluakulu a m'midzi ankadziwa pamene madzi anafika nthawi imeneyo, ndipo akanatha kuloza mtengo wake. Ndi angati anawafunsa asanathire maziko?

Madzi akalowa pamalo oterowo samiza mipando yokha. Amamizanso maenje a zimbudzi. Loji ya zipinda makumi awiri imatulutsa zonyansa tsiku lililonse, ndipo pamchenga dzenje losamangidwa bwino limadontha ngati dengu. Madzi omwewo ndi amene mwana wa pamudzi amamwa akamasambira. Ife a ku Lusaka amene tinaona Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera mu Januwale 2024 sitifunika kuuzidwa kuti zimenezi zimathera kuti. Palinso bango, limene eni malo amakonda kudula kuti gombe lioneke ngati la pa kalendala. Bangolo ndi limene limagwira dothi mwera ukakalipa, ndiponso ndi mobisala tiana ta nsomba. Ku Cape Maclear, komwe kuli Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inaiika m'kaundula wake mu 1984, ofufuza motsogozedwa ndi Jay Stauffer anaona kuti likodzo linachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Likodzo silifunsa kuti walipira zingati pa usiku umodzi.

Mnzanga wina amene anagwirapo ntchito m'mahotela amanditsutsa pa zimenezi, ndipo mfundo zake si zopanda pake. Amati malo amenewa amalemba ntchito achinyamata amene akanangokhala, amagula nsomba ndi ndiwo zamasamba pamudzi pomwepo, amakhoma misonkho, ndipo mpanda umateteza alendo kwa akuba ndi anyamata okakamiza malonda. Amatinso majumbo ambiri a pagombe sachokera ku loji, ndipo amene amakoka nsomba ndi masikito si azungu. Zoona zimenezo. Boma nalo limatolera msonkho wa zokopa alendo koma galimoto yotola zinyalala suiona. Komabe mphamvu sizifanana. Mayi wa beseni uja alibe loya, alibe injiniya, sangakumane ndi akuluakulu a kukhonsolo. Mwini loji zonsezi ali nazo. Kusiya kanjira ka mamita awiri pakati pa mpanda wake ndi wa mnzake sikungamugwetse bizinesi. Kulondera zipinda n'kosiyana ndi kulondera nyanja.

Ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja safunika kuphunzitsidwa kusamala ngati ana. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, boma lisanaganize n'komwe za makomiti a m'magombe. Nyengo yotseka ikafika aliyense amachoka pachilumbapo, ndipo ikatsegulidwa utaka umapezeka. Mwini loji wanzeru akanapita kukakhala pansi pabwalo la anthu otere, osati ndi kamera, koma ndi funso lakuti lamulo lawo likumufuna chiyani iyeyo. Mwina yankho lingakhale losavuta: osagula chambo m'nyengo yoswana, ngakhale alendo a ku Kabulonga atachifunitsitsa bwanji.

Mwezi watha ndinaimbira foni malo ena a ku Siavonga kufuna chipinda. Titagwirizana mtengo ndinafunsa mtsikana wa pafoniyo kuti madzi a m'zimbudzi zawo amapita kuti, komanso ngati anthu a m'deralo ali ndi njira yofikira kunyanja. Anakhala chete kanthawi, kenaka anaseka pang'ono.

"Pepani bambo, funso limenelo sindinafunsidwepo. Dikirani ndiwaitane abwana."

Ndinadikira mpaka mayunitsi anatha.