Mwana Wabwera ndi Nkhope ya Mdyerekezi pa Mkono: Titani?



Nkhani imene tabwera nayo ulendo uno ikusowetsa tulo makolo ambiri kuno ku Chiradzulu. Ana athu akapita kukasaka ntchito ku Limbe kapena ku Joni, ena akubwerako atalembalemba m'thupi. Eni ake amati ndi tatuu. Wina walemba dzina la mayi ake, wina mkango, wina mtanda. Koma alipo ena amene ajambulitsa nkhope ya Mdyerekezi pa mkono kapena pa chifuwa. Mayi akaona zimenezi nkhongono zimatha. Ena amuletsa mwanayo kudya mbale imodzi ndi abale ake, ena amupirikitsa pakhomo. Funso lathu ndi ili: kodi inki ya pakhungu ingagulitse mzimu wa munthu? Nanga ife amayi a mpingo timutani mwana wotere?

Tiyambe tadziwa chimene tikuchiopacho. Chithunzi chofala ndi cha munthu wofiira wa nyanga ziwiri, mchira wosongoka ndi ziboda za mbuzi, atanyamula foloko ya mano atatu. Munthu wooneka chonchi m'Baibulo mulibe. Anamupeka ndi amisiri ojambula a ku Ulaya zaka mazanamazana zapitazo, ndipo nyanga ndi zibodazo zimafanana ndi za Pan, kamulungu ka Agiriki akale. Munthu wa mutu wa mbuzi amene amamutcha Baphomet anamujambula ndi Éliphas Lévi wa ku France m'zaka za m'ma 1850. Nkhope zina zolusa za mano akuluakulu ndi zigoba za ku Japan zotchedwa oni, zimene ena kumeneko amati zimaingitsa tsoka. Ndipo kamdyerekezi kofiira kamene anyamata ambiri amakakonda kali pa baji ya timu ya mpira ya Manchester United. Choncho anyamata atatu atha kukhala ndi nyanga zofanana pa mkono: wina ndi wa mpira, wina akufuna kuti anzake azimuopa, wina anangotola m'buku la wojambula chifukwa chinali chokongola m'maso mwake.

Tikumbukenso kuti kulemba m'thupi sikunayambe lero pakati pathu. Agogo athu a Chimang'anja ndi a Chilomwe ankatema mphini kumaso, pachifuwa ndi pamimba. M'mwezi wa July 1861 David Livingstone ndi anthu ake anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anakakhala nawo ku Magomero, kumene kunayambira mpingo wathu m'dziko muno. Anthuwo anafika ndi zipsera za goli m'khosi, ndipo amayi a m'derali anali ndi mphini komanso mphete pa mlomo. Bishopu sanayambe ndi kuwerenga zipsera. Anayamba ndi kuwadyetsa ndi kuwatsuka mabala. M'mibadwo yotsatira agogo athu ambiri anabatizidwa ali ndi mphini zawo, anavala yunifomu ya amayi, ndipo anaikidwa m'manda ndi mwambo wonse wa mpingo.

Ena atifunsa za Levitiko 19:28, pamene Mulungu analetsa Aisraeli kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba m'thupi. Vesili ndi loona ndipo sitikulichotsa. Koma chaputala chomwecho chimaletsanso kuvala nsalu yolukidwa ndi ulusi wa mitundu iwiri ndi kumeta m'mphepete mwa ndevu, zimene tonse timachita osadziona ochimwa. Cholinga cha malamulowa chinali choti Aisraeli asiyane ndi mitundu yowazungulira ndi miyambo ya milungu yawo. Nkhani yaikulu si khungu ayi, koma funso lakuti: iwe ndiwe wa yani? N'chifukwa chake Akhristu a ku Egypt, otchedwa Akoputi, amalemba kamtanda pa dzanja mpaka lero, kuti onse adziwe kuti iwo ndi a Khristu ngakhale pa nthawi ya mazunzo.

Apa ndiye pali pogona nkhani. Pa ubatizo tinakana Satana ndi ntchito zake zonse. Kwa ana athu amene anabatizidwa ali makanda, ife makolo ndi ankhoswe a ubatizo ndi amene tinawayankhira, ndipo wansembe anawasinda mtanda pa mphumi. Inki ilibe mphamvu yofafaniza mtanda umenewo, monganso phulusa la Lachitatu la Phulusa pa lokha silimuyeretsa munthu. Koma chithunzi chimayankhula ngakhale mwini wake ali chete. Ife tikavala zoyera ndi zabuluu, munthu wa pamsewu amadziwa kumene tikuchokera tisanatsegule pakamwa. Nanga mwana wobatizidwa angavale bwanji nkhope ya amene anamukana, n'kumati ndi zoseweretsa chabe? Yunifomu timavula madzulo, koma tatuu amalowa nayo m'bokosi. Choncho yankho lathu loyamba n'losabisa: chithunzi chimenechi si choyenera Mkhristu, ndipo mwana amene akuchiganizira timuletse mwachikondi koma mosapsatira.

Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tili ndi mawu oonjezera. Singano ya tatuu imaboola khungu kambirimbiri n'kusiya inki pansi pa chikopa chapamwamba, ndipo pobayapo pamatuluka magazi. Singano imodzi ikayenda pa anthu angapo imatha kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhalenso kachilombo ka HIV. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kotero ambiri obadwa chakachi chisanafike alibe chitetezo chimenechi. Khungu lathu lakuda limakondanso kutupa zipsera zokhuthala zimene sizibwerera. Kufafaniza tatuu kumafuna makina a laser, maulendo angapo ndi ndalama zambiri. Chonde, wina asauze mwana kuti achotse ndi lumo, asidi wa batire kapena chitsulo chamoto. Bala lake limaposa chithunzicho kuipa. Ana opita ku Joni tiwachenjezenso kuti manambala 26, 27 ndi 28 ndi zizindikiro za magulu a zigawenga za m'ndende za kumeneko. Safunsa anadya phula.

Koma yankho lachiwiri likutikhudza ife eni ake. Dzina lakuti Mdyerekezi m'Chigiriki limatanthauza woneneza, ndipo Chivumbulutso 12:10 chimamutchula ndi ntchito yomweyo yoneneza abale. Paulo pa 2 Akorinto 11:14 akutichenjeza kuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuwala. Iye sabwera ndi nyanga, chifukwa aliyense akanathawa. Amabwera atasamba, ndipo nthawi zina amakhala pa benchi la kutsogolo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitinaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2002, ndi zimene zinabukanso mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika kuno kwathu ndi ku Blantyre. Anthu anaphedwa popanda umboni uliwonse, chifukwa wina analoza chala. Tikamutcha mwana wa mnzathu wa Satanic pa chitsime kapena pa chigayo, sitidziwa kumene mawuwo akagone. Tsono ndani wagwira ntchito ya woneneza: mnyamata wa inki uja, kapena ife a lilime?

Taonani Kaini. Anapha m'bale wake, tchimo loposa tatuu iliyonse. Koma pa Genesis 4:15 chizindikiro chimene Mulungu anamuika chinali chomuteteza kuti wina asamuphe. Ngati Mulungu anatchinga wakupha, ife ndife yani kuti titsekere chitseko mwana amene tinamubereka kumbuyo?

Mary Sumner poyambitsa bungwe lathu mu 1876 ankafuna kuti amayi azithandizana kulera ana m'chikhulupiriro, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Tsono mwana akabwera ndi chithunzi chotere, muyambe mwamupatsa madzi osamba ndi nsima. Kenako mumufunse modekha kuti chithunzicho chikutanthauza chiyani kwa iye, ndipo mumve yankho mpaka kumapeto. Mwina mupeza mpira, mwina mupeza mantha ndi nkhanza zimene anakumana nazo kuchilendo. Mumuuze zoona za ubatizo wake. Mumulimbikitse kukayezetsa magazi. Ngati mtima wake uli wolemedwa, mupite naye kwa abambo wansembe. Lamulungu akhale nanu pa Misa, malaya ataliatali manja kapena ayi. Ndipo mayi mnzathu amene izi zamugwera tisamusale, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa msonkhano wanu wotsatira muwerenge 1 Samueli 16:7, ndipo mukambirane: m'mudzi mwathu muno, ndi mwana uti amene analeka kubwera ku tchalitchi chifukwa cha maso athu, ndipo ndani mwa ife apite kukamuona sabata ino?

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.