Mano a sipuloketi

Mng'ono wanga ndi wakabaza wa njinga yamoto ku Lilongwe. Chaka chatha tcheni cha njinga yake chinayamba kulira, ndipo ankati akachikunga m'mawa, pofika madzulo chakhwefukanso. Anapita kwa ogulitsa njinga ovomerezeka, kuja kuli anyamata a maovololo ofanana ndi malisiti a pakompyuta. Kumeneko anamuuza kuti asinthe zinthu zitatu pamodzi: tcheni, sipuloketi yaing'ono ya ku injini ndi yaikulu ya ku gudumu lakumbuyo. Mtengo wake unali wa thukuta la masiku angapo. Atatuluka anaima kwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, yemwe anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, akufuna kukudyerani amenewo. Sinthani tcheni chokha basi." Usiku womwewo anandiimbira foni kundifunsa kuti wabodza ndani pa awiriwa.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira mawu, sipanala sindiidziwa, choncho ndinayamba ndafufuza kaye mmene zitsulozi zimathera. Tcheni sichitamuka ngati mphira monga timanenera. Chimadyeka m'timfundo take, pamene timisomali tolumikiza timakhulana ndi fumbi losakanikirana ndi girisi, ndipo kadyekedwe kakang'ono ka mfundo iliyonse kakaphatikizana pa mfundo zoposa 100, tcheni chimatalika. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimagwiritsa ntchito tcheni cha nambala 428, chimene mfundo zake zimatalikirana mamilimita 12.7, ndipo mano a sipuloketi anasulidwa molingana ndi muyezo umenewo. Tcheni chotalika chimakwera pamwamba pa mano n'kuwadya mpaka amapindika ngati zikhadabo za kabawi. Mukaika tcheni chatsopano pa mano opindikawo, nawonso amachidya msanga. Ndiye pa nkhani ya chitsulo, ogulitsa njinga aja sananame.

Komabe mng'ono wanga sanalakwitse kuwakayikira. M'chaka cha 1973 akatswiri awiri a zachuma, Michael Darby ndi Edi Karni, analemba za mtundu wa malonda amene wogula sangathe kudziwa ngati anali ofunikadi, ngakhale atawagula ndi kuwagwiritsa ntchito. Nsima mumaidziwa mukailawa. Kukonzetsa njinga n'kosiyana, chifukwa amene akukuuzani matenda ndi yemweyo akugulitsani mankhwala. Mng'ono wanga akasintha zonse zitatu njinga n'kuyenda bwino, sadzadziwa ngati masipuloketi akale akanapirirabe. Akasintha tcheni chokha n'kutha pa miyezi yochepa, makaniko adzanena kuti ndi fumbi la mu Okutobala, kapena kuti tchenicho chinali chikomekome cha mkuyu. Mbali zonse ziwiri wodziwa ali ndi pothawira. Zimenezi ndimazidziwa bwino, popeza amene amandipatsa chikalata kuti ndimasulire m'Chichewa kawirikawiri sadziwa Chichewa. Nditadumpha chiganizo chovuta, angandilipire n'kundithokoza.

Funso limene linandisowetsa tulo ndi ili: kodi munthu wodziwa akanena zoona, wamaliza udindo wake kwa wosadziwa? Ndikuona kuti ayi. Choonadi chimene munthu sangathe kuchiyesa chimamveka chimodzimodzi ndi bodza. Wafilosofi Onora O'Neill, m'nkhani zake za Reith zimene zinaulutsidwa pa BBC mu 2002, anatsutsa ganizo lakuti kuchulukitsa mapepala ndi malipoti kumabala kukhulupirirana. Iye ankaona kuti chofunika n'chakuti anthu athe kutsimikizira zimene akuuzidwa. Lisiti la pakompyuta limakuuzani chimene mwalipira, silikuuzani chifukwa chake. Pamene kuyesa tcheni n'kosavuta: mumachikoka kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu, ndipo chikanyamuka mpaka kuonetsa pafupifupi theka la dzino, chatha. Mphindi imodzi ikanakwana kuti mng'ono wanga aone ndi maso ake. M'malo mwake anakumana ndi munthu wa pa kauntala, pamene makaniko amene anaona njingayo anali kuseri kwa chitseko cholembedwa kuti makasitomala asalowe.

Wina anganene kuti galaja yaikulu ilibe nthawi yophunzitsa aliyense, ndipo chitsekocho chimateteza anthu ku ngozi. N'zomveka. Koma chitseko chomwecho chimatetezanso galajayo ku mafunso, ndipo kasitomala alibe njira yodziwira kuti pa zifukwa ziwirizi chimene chachitseka lero ndi chiti.

Makaniko wa pansi pa mango sindimuweruza chifukwa cha malangizo otchipa. Munthu amene m'thumba muli ndalama za tcheni chokha, ndipo njinga ikagona ana agona ndi njala, ali ndi ufulu wosankha tcheni chokha. Cholakwa chake n'chakuti anabisa mtengo weniweni wa chisankhocho, n'kugula chikhulupiriro potchula anzake akuba. Mawu akuti "achimwene" ndi okoma, koma satha kuongola dzino lopindika.

Panalinso nkhani ina imene mng'ono wanga anafunsa konsekonse. Popeza amanyamula matumba a chimanga, ankafuna sipuloketi yakumbuyo ya mano ambiri. Masamu ake ndi achidule. Ngati kutsogolo kuli mano 14 ndipo kumbuyo 42, yaing'ono imazungulira katatu kuti gudumu lizungulire kamodzi. Mukaika ya mano 45, njinga imakoka kwambiri ndi pafupifupi 7 peresenti, koma liwiro lake lapamwamba limatsika, ndipo pa msewu wautali injini imazungulira kwambiri n'kumwa mafuta ochuluka. Ogulitsa njinga anangoti iwo saika chimene kampani sinalembe. Wa pansi pa mango anangoti njinga idzakhala ndi mphamvu ngati thirakitala. Mmodzi anabisala kuseri kwa buku la kampani, wina kuseri kwa chikhumbo cha kasitomala, ndipo palibe anamuuza kuti akusinthanitsa liwiro ndi mafuta kuti apeze mphamvu, n'kumusiya asankhe yekha.

Ndinamufotokozera zonsezi Loweruka lina titakhala pakhonde. Anagwada, anakoka tcheni, dzino linaonekera pafupifupi lonse. Anayendetsa chala pa mano a sipuloketi n'kukhala chete. Kenako anawerenga ndalama zimene anali nazo, nachotsapo za lendi, nagula tcheni chokha, chotchipa, chopanda timphira tija timene timatsekera girisi m'mfundo. Anati masipuloketi adzawaona mwezi ukatha.

Sindinamuletse, ngakhale ndinali nditawerenga kuti tcheni chikavuka njinga ili pa liwiro chingathe kukola gudumu lakumbuyo n'kulimanga. Iyenso tsopano ankadziwa. Lolemba m'mawa ndinamuona pa siteji, mayi wina wobereka mwana akukambirana naye mtengo wopita kuchipatala. Anagwirizana, mayiyo anakonza chitenje n'kukwera. Za mano a sipuloketi sanafunse, ndipo mng'ono wanga sananene kanthu.