Mwana Akabwera Kuchokera Kunja Atasintha, Kodi Watayika?

Amayi anzathu, chaka ndi chaka mabanja a ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Namiwawa amaperekeza ana awo ku bwalo la ndege la Chileka. Ena amakaphunzira ku South Africa, ena ku India, ku China kapena ku Mangalande. Timawapempherera kuti akabwere ndi digiri, koma amabweranso ndi zina zimene sitinawatume. Mwana uja tsopano akuyang'ana bambo ake m'maso polankhula, akufunsa chifukwa chake mwambo wa maliro umadya ndalama zambiri, ndipo akufuna kuti alendo aziyamba aimba foni asanafike pakhomo. Mtima umatiwawa, n'kuthamangira kunena kuti wataya mwambo. Kodi kusintha kulikonse ndi kutayika?

Funsoli si lachilendo mu mzinda uno. Mu 1892 John Chilembwe analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth kuno ku Blantyre, ndipo mu 1897 anapita naye ku America. Anakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Kumeneko anaona tsankho loopsa limene anthu akuda ankakumana nalo, koma anaonanso anthu akuda omwewo akuyendetsa okha sukulu ndi matchalitchi awo. Atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Anabwera atasinthadi, wovala suti ndi chipewa, moti wina akanatha kunena kuti wasanduka mzungu. Komatu pa chithunzi cha mu 1914 akuoneka ataima pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chovalacho chinali chakunja, koma chimene ankanena nacho ndi chakuti anthu ake ndi anthu, oyenera ulemu. Mu 2022 mmisiri wa ku Malawi Samson Kambalu anaimika chiboliboli chotengera chithunzi chimenechi pa Trafalgar Square ku London.

Tsono muyeso wake suli pa maonekedwe. Ulemu ndi umodzi, koma fuko lililonse limausonyeza mwa njira yake. Kwathu mtsikana amagwada popereka madzi ndipo amazolika pamaso pa akulu. Ku Ulaya wozolika pomwe mphunzitsi akulankhula amaoneka ngati akubisa kanthu, ndipo wofika mochedwa amaoneka ngati wanyoza mnzake. Mwana amene wazindikira zimenezi waphunzira kufunsa tanthauzo asanaweruze, ndipo phunziro limeneli sililembedwa pa satifiketi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisadzinamizenso ayi. Alipo ana amene amabwera ndi chipongwe, onyansidwa ndi nsima ya mgaiwa, ochita manyazi kutsika ndi agogo awo mu msika wa Limbe. Amenewa sanamvetse chikhalidwe cha kumene anapita. Angotola makoko ake. Amene wakhalapo mlendo weniweni, namva kuzizira ndi kusungulumwa m'dziko la eni mpaka mayi wina wosamudziwa atamuitanira chakudya, amabwera wofewa mtima. Choncho funso loyenera kumufunsa mwana ndi lakuti: chimene wabwera nachochi chikukweza ndani? Ngati chikukweza iye yekha, timudzudzule mwachikondi. Ngati chikuteteza mlongo wake kuti asakwatiwe ali wamng'ono, kapena mayi wamasiye kuti asalandidwe katundu, timvetsere, pakuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tikapanda kumvetsera, ana amasiya kutiuza za mumtima. Amatumiza ndalama pa foni mwezi ndi mwezi, koma kubwera kumudzi ayi, ndipo adzukulu amakula osadziwa Chichewa ngakhale dzina la agogo awo.

Nafenso tili ndi alendo. Ophunzira ochokera kumayiko ena amabwera kudzaphunzira za udokotala pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo ena amapemphera nafe Lamulungu. Akalakwitsa moni kapena kavalidwe, tisawaseke. Tiwalongosolere, tiwaitanire nsima kunyumba. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Zimene tikufuna kuti mayi wa ku Glasgow kapena ku Pretoria achitire mwana wathu, tiyambe ndife kuchitira mwana wake kuno ku Blantyre.